Mmene Mkhristu wa m'Chigwa cha Shire Angapezere Nthawi ya Mulungu ndi ya Anzake Ntchito Zikachuluka

M'chigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka kumalire a dziko lino, ntchito imayendera dzuwa. Mlimi wa thonje ku Ngabu amafuna kuti pofika 9 koloko m'mawa akhale atamaliza ndime yake, wodula nzimbe ku Nchalo amadzuka kukadali mdima, mayi amathamangira kumjigo mzere usanatalike, ndipo msodzi wa kudambo amakhala atapalasa kale bwato anthu ena asanatsegule zitseko. Maola ozizira ndi ochepa, ndipo lililonse lili ndi mwini wake. N'chifukwa chake Mkhristu wa kuno akamadandaula kuti akusowa mpata wopemphera, kawirikawiri sakhala akunama, ndiponso si waulesi ayi. Uphungu umene timaumva nthawi zambiri ndi wakuti tizidzuka m'mamawa, koma m'mamawa momwemo ndi mmene munda, mjigo ndi sukulu ya ana zimalimbirana munthu mmodzi. Nthawi ya Mulungu ndi ya anzathu iyenera kupatulidwa monga mlimi amapatulira mbewu asanayambe kudya zokolola, ndipo iyenera kupatulidwa poyang'ana tsiku lenileni la m'chigwa muno.

Yambani ndi kuona kumene nthawi yanu ikupita. Kwa sabata imodzi, madzulo aliwonse musanagone, lembani m'kope kapena ingokumbukirani zimene mwachita kuyambira pamene munadzuka, ndipo muzigawe pawiri. Mbali imodzi ikhale ya zimene sizikanadikira, monga kuthirira kudimba, kupopera thonje, shifiti ya kuntchito kapena kupita ndi mwana kusikelo. Mbali inayo ikhale ya zimene zinangokupezani, monga bawo la pamsika, mafilimu a pafoni ndi macheza amene anayamba ndi moni n'kutha dzuwa litapendeka. Musachite zimenezi pofuna kudziimba mlandu, chifukwa munthu wogwira ntchito yakalavulagaga ayenera kupuma ndi kuseka ndi anzake. Chofunika n'chakuti muone ndi maso anu pamene tsiku lanu lili ndi mpata, ndipo ambiri a ife tikayesa kutero timapeza kuti mpatawo uli pakati pa tsiku.

Mukaupeza, usankheni ndi kuumangirira. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo ngakhale m'miyezi ina, kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka cha m'ma 3 koloko, khasu limagona, ng'ombe zimaunjikana pamthunzi, msika umazilala. Nthawi imeneyi ambiri timaiona ngati yotayika, koma ndi nthawi yokhayo imene palibe ntchito ya kumunda imene ingakulandeni. Sindikunena kuti musiye pemphero la m'mawa. Marko 1:35 amatiuza kuti Yesu anadzuka usiku kusanache n'kupita kwayekha kukapemphera, ndipo n'koyenera kuti musanagwire khasu kapena chiwongolero cha njinga ya kabaza, muime mphindi ziwiri kapena zitatu, muthokoze chifukwa cha usiku ndi kupereka tsikulo m'manja mwa Ambuye. Koma pemphero lodekha, limodzi ndi kuwerenga Mawu, liikeni pamene simukuthamangitsana ndi dzuwa.

Baibulo lenilenilo limaidziwa nthawi ya masana. Mu Genesis 18, Abrahamu anali atakhala pakhomo pa hema wake dzuwa likutentha pamene anaona alendo atatu, ndipo anawathamangira n'kuwalandira pansi pa mtengo. Mu Machitidwe 10, Petro anakwera padenga kukapemphera cha m'ma 12 koloko masana, chakudya chikukonzedwa, ndipo ndi pamenepo pamene anaona masomphenya amene anatsegulira anthu a mitundu ina khomo la mpingo. Mu Yohane 4, Yesu atatopa ndi ulendo anakhala pachitsime nthawi ngati yomweyo, ndipo kutopako sikunamuletse kucheza ndi mayi wa ku Samariya amene anabwera kudzatunga madzi. Onani kuti m'nkhani zitatu zonsezi, nthawi yopuma inasanduka nthawi ya Mulungu komanso ya munthu wina, ndipo ziwirizi sizinalekanitsidwe. Danieli ankapemphera katatu pa tsiku ngakhale anali ndi udindo waukulu m'boma, ndipo abale athu Akatolika ali ndi pemphero lawo la 12 koloko masana kuyambira kalekale.

Tsopano konzani chochita m'nthawiyo, chifukwa munthu akakhala pansi osadziwa poyambira, tulo timamupeza msanga, makamaka nsima ya mapira ikakhala m'mimba. Pachifukwa chimenechi ndi bwino kupemphera musanadye kapena mutangosamba pochokera kumunda, thupi likadali lopepuka. Yalani mphasa pansi pa mtengo wa nimu kapena pakhonde pamene pakupita kamphepo, siyani foni m'nyumba, ndipo itanani amene ali pakhomo. Mphindi 15 n'zokwanira poyamba. Sankhani buku limodzi la m'Baibulo ndi kuliwerenga motsatana, m'malo motsegula paliponse tsiku lililonse. Uthenga Wabwino wa Marko ndi poyambira pabwino, popeza uli ndi machaputala 16 okha ndipo nkhani zake zimayenda mwachangu, kotero kuti mukamawerenga theka la chaputala patsiku mumaumaliza m'masiku 32, pafupifupi mwezi umodzi. Buku la Miyambo lili ndi machaputala 31, ndipo ena amawerenga chaputala chogwirizana ndi deti la tsikulo. Werengani mokweza kuti agogo amene maso anachita mdima amve nawo, ndipo ngati inuyo kuwerenga kumakuvutani, mpatseni mwana wa Sitandade 5 kapena 6 awerenge, chifukwa palibe chamanyazi pamenepo, ndipo mwanayo amapindula kawiri.

Mukawerenga, funsanani funso limodzi lokha: mawu amenewa akutiuza kuti tichite chiyani lero kapena mawa? Kenako pempherani motchula mayina ndi zinthu zenizeni, monga mwana amene akulemba mayeso, mbozi zimene zagwa m'munda, ngongole ya kubanki m'khonde, mnansi amene wagonekedwa kuchipatala. Baibulo likhoza kukhala Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, koma popemphera gwiritsani ntchito chiyankhulo chimene mumalirira nacho mukakhala pamavuto, kaya ndi Chisena kaya ndi Chimang'anja, chifukwa pemphero la mawu obwereka limatopetsa msanga. Amene mumagwira ntchito ya mashifiti, kapena muli kumsika tsiku lonse, tsatirani mfundo yomweyi posankha nthawi imene ntchito yanu imakhala itazilala, n'kuimangirira ku chinthu chimene mumachita tsiku lililonse, monga kusamba mukaweruka.

Pali chinthu china chimene abambo tiyenera kuchimva bwino tisanapitirire. Masana amene bambo amapuma ndi omwewo amene mayi amakhala pamoto, atachoka kumunda komweko ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Tikamanena kuti banja lizipemphera masana popanda kusintha kagawidwe ka ntchito, ndiye kuti tawonjezera katundu pa munthu amene watopa kale kuposa onse. Nkhani ya Marita ndi Mariya pa Luka 10:38-42 imalalikidwa kawirikawiri modzudzula amayi otanganidwa, koma amene amailalikira nthawi zambiri amakhala akudikira kuti chakudya chifike patebulo akatsika paguwa. Yesu anateteza ufulu wa Mariya wokhala pansi ndi kumva Mawu, ndipo banja lachikhristu liyenera kuteteza ufulu womwewo kwa mayi wa m'nyumbamo. Choncho khalani pansi ndi kugawana: anyamata atenge njinga akatunge madzi m'zigubu, bambo abwere ndi nkhuni pochokera kumunda, ndiwo zikonzedwe m'mawa ngati n'kotheka, ndipo pemphero lisayambe mayi akadali kukhitchini. Bambo akhoza kungonena kuti, "Amayi, bwerani mukhale pansi, mbalezo anawa atsuka tikamaliza." Mawu ochepa amenewa amaphunzitsa ana zambiri za Mulungu kuposa ulaliki wautali.

Chotsatira ndi tsiku lopembedza, Lamulungu kwa ambiri a ife, Loweruka kwa abale a mpingo wa Seventh Day Adventist. Lamulo la pa Eksodo 34:21 limakhudza alimi, ndipo limanena mosabisa kuti munthu apumule tsiku lachisanu ndi chiwiri ngakhale m'nyengo yolima ndi yokolola. Mulungu ankadziwa kuti imeneyo ndiyo nyengo imene mtima umanong'oneza kuti sabata ino yokha ndijombe. Kuno nyengo zotero zimadziwika pasadakhale: kubzala mvula ikagwa, kupalira m'Januwale, kuthamangitsa mbalame mapira akayamba kucha, kutola thonje, ndi kuthamangira kudimba madzi akaphwa m'mbali mwa Shire. Popeza zimadziwika, zikonzekereni. Tsiku la kupembedza limapulumutsidwa dzulo lake, pamene mwatunga madzi okwanira masiku awiri, mwapita kuchigayo, mwachapa zovala ndiponso mwagwirizana ndi a munda woyandikana nawo za kusinthana polondera mbalame, kuti pasakhale banja limene likujomba milungu yonse ya nyengoyo.

Zilipo ntchito zimene sizidziwa Lamulungu. Namwino, mlonda, wapolisi ndi wogwira ntchito pafakitale ya shuga sangasiye malo awo, ndipo ng'ombe ikatitimira m'matope simungaidikiritse mpaka Lolemba, monga Yesu ananenera za nkhosa yogwera m'dzenje pa Mateyu 12. Ngati ndinu mmodzi wa anthu amenewa, musadzitenge ngati Mkhristu wotsalira, koma musalolenso kuti mwezi uthe musanakhale pakati pa abale. Dziwitsani akulu a mpingo ndondomeko ya ntchito yanu, ndipo gwiritsitsani mapemphero a m'kati mwa sabata, kaya ndi a kumlaga, kumphakati kapena kulimana, monga mmene mpingo wanu umawatchulira. Timagulu timeneti n'tofunika kwambiri kwa munthu wotanganidwa, chifukwa tili pafupi ndi nyumba, sititenga tsiku lonse, ndipo mukasowa anthu amadziwa n'kubwera kudzafunsa.

Nthawi ya anzanu nayonso iyenera kupatsidwa tsiku ndi dzina, apo ayi imathera m'mawu akuti ndidzapita ndikapeza mpata. Ife a m'chigwa muno timadziwa kusiya chilichonse maliro akagwa, ndipo ndi mwambo wabwino umene sitiyenera kuutaya. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu yemweyo amene timamusiyira munda masiku awiri atamwalira, amatha kudwala miyezi itatu popanda womupatsa ola limodzi akadali ndi moyo. Choncho lembani mayina atatu kapena anayi a anthu a m'mudzi mwanu kapena mumpingo mwanu amene sangathe kubwera kwa inu: wodwala matenda a mgonagona, nkhalamba yokhala yokha, mayi wamasiye amene akulera zidzukulu, mnyamata amene anasiya kubwera kutchalitchi. Musachulukitse mayina. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, dzuwa likayamba kupendeka, ndipo muzichezera mmodzi. Kalata ya Yakobo 1:27 imati kuchezera ana amasiye ndi amayi amasiye m'masautso awo ndi mbali ya chipembedzo choona, kutanthauza kuti ola limeneli simwalichotsa kwa Mulungu ayi.

Kachezedwe kakenso kali ndi nzeru zake. Mukafika, odirani, khalani pamphasa kapena pansi m'malo moima pakhomo ngati wodutsa, ndipo perekani moni mosathamanga: "Agogo, mwaswera bwanji? Tangobwera kudzakuonani." Musayambe ndi kutsegula Baibulo. Yambani ndi kumvetsera, ngakhale nkhani ikhale yomweyo imene munaimva sabata yatha, ndipo pamene akuyankhula maso anu aziona zimene pakamwa pawo sipanganene. Onani ngati mumtsuko muli madzi, ngati neti yoteteza udzudzu ili yomangika bwino, ngati mankhwala a kuchipatala akumwedwa pa nthawi yake, ngati pamafuwa payaka moto tsiku limenelo. Mtsuko ukakhala wouma, tengani ndowa mukatunge musanapemphere. Kumapeto pemphani chilolezo: "Agogo, kodi tingapemphere nanu pang'ono tisananyamuke?" Pemphero likhale lalifupi, chifukwa wodwala amatopa, ndipo musalonjeze tsiku lobweranso limene simungalisunge. Mukakhala mulibe kanthu m'manja, pitanibe. Ambiri amalephera kuchezera odwala chifukwa chochita manyazi kupita chimanjamanja, pamene wodwalayo chimene akuchisowa kwambiri ndi nkhope ya munthu.

Pa mayina amenewo musaiwale a m'nyumba mwanu. Zimatheka kuti mkulu wa mpingo kapena mayi wa Mvano adziwe mavuto a mudzi wonse koma osadziwa kuti mwana wake wakhala masiku angapo osapita kusukulu. Usiku wa kuno, pamene kutentha kumatitulutsa m'nyumba n'kukhala pabwalo mpaka mochedwa, ndi mpata wabwino wofunsa mwana aliyense mmene tsiku lake layendera, komanso wocheza ndi mwamuna kapena mkazi wanu nkhani zina zosakhudza ndalama. Deuteronomo 6:7 amalangiza makolo kuyankhula za Mawu a Mulungu ndi ana pokhala pansi m'nyumba, poyenda m'njira, pogona ndi podzuka, ndipo zonsezi ndi nthawi zimene muli nazo kale.

Kuti zonsezi zitheke, muyenera kuphunzira kukana, ndipo apa ndi pamene Akhristu odzipereka amavutika kwambiri. Kutanganidwa kwina kumachokera kutchalitchi komweko. Munthu mmodzi amapezeka ali mukwaya, mukomiti ya chitukuko, mukomiti ya maukwati, ndi msungichuma wa banki m'khonde, komanso ali mukomiti ya sukulu, ndipo chifukwa zonsezo n'zabwino, amaona ngati kukana ndi tchimo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mu Eksodo 18, Yetero anachenjeza mkamwini wake Mose kuti adzalefuka akapitiriza kuweruza yekha milandu ya anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mu Machitidwe 6 atumwi anasankhitsa amuna 7 oti aziyang'anira zogawa chakudya kuti iwo asasiye kupemphera ndi kuphunzitsa. Sankhani udindo umodzi kapena iwiri imene mungaigwire ndi mtima wonse, ndipo inayo muitule mwaulemu, pamaso, osati pongosiya kubwera kumisonkhano. Mukhoza kunena kuti, "Abusa, ndathokoza pondikhulupirira, koma ndikalandira udindo uwu ndiugwira mwa theka, ndipo pakhomo panga pavutika. Ndipempha kuti mupatseko wina, ine ndimuthandiza poyambira." M'busa wanzeru amamva mawu otere, ndipo kawirikawiri kumbuyo kwanu kumakhala wachinyamata amene wakhala akudikira kuti wina amukhulupirire.

Za foni ndingonena mwachidule. Ndi chida chabwino poimbira m'bale amene ali ku Blantyre kapena ku Johannesburg, ndipo kwa amene sawerenga, Baibulo lomvetsera komanso mapulogalamu a pawailesi zachikhristu zimathandiza. Koma kutumiza vesi pagulu la WhatsApp sikulowa m'malo mwa kupemphera, ndipo kulemba kuti "tikukupemphererani" sikudzaza mtsuko wa agogo aja.

Pomaliza, konzekerani nthawi imene dongosolo lonseli lidzasokonekera, chifukwa m'chigwa muno timadziwa kuti imafika. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anachotsa mabanja ambiri m'nyumba zawo n'kuwaunjika m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'matenti, kumene kulibe malo a wekha ngakhale nthawi yodziwika ya chakudya. Mvula isanayambe, ikani Baibulo m'jumbo ya pulasitiki limodzi ndi chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi a ana, pamalo pamene mungatenge mumdima. Lowezani pamtima limodzi ndi ana masalimo awiri kapena atatu, monga 23, 46 ndi 121, komanso nyimbo zingapo za m'buku la mpingo wanu, kuti mukhale ndi chopemphera nacho ngakhale buku litanyowa. Kumalo othawirako, gwirizanani ndi mabanja oyandikana nanu za nthawi imodzi yochepa yopemphera madzulo, posayang'ana kuti wina ndi wa mpingo uti, ndipo muzichita mosasokoneza amene ndi a chipembedzo china.

Madzi akaphwa, ntchito imachuluka kuposa kale, popeza pali nyumba zomanga, minda yobzalanso ndi ngongole zobweza, ndipo ndi m'miyezi imeneyi mmene mabanja ambiri amatayira chizolowezi chopemphera limodzi. Musadikire kuti khoma lithe kumangidwa. Yambiraninso ndi mphindi zisanu masana, pa chaputala chimene munalekezera, ndipo muonenso mayina a anthu amene mumawachezera, chifukwa ena amakhala atasamukira kumtunda kwa achibale, ena atatsala okha pamalo pamene anansi onse achoka. Kauzeni akulu a mlaga kapena a mphakati wanu kumene aliyense wa iwo ali tsopano, ndipo mugawane kuti ndani azipita kwa yani.